Chowinda cha pa Kanyumba ka Danilo

MUTU 6

1. Kachitsulo patebulo

Kwathu kuno kuchigwa cha Huasco, munthu akafera pamsewu sitingomuika m'manda n'kuiwala. Anzake amapita pomwe anagwera n'kumanga kanyumba kolekeza m'mawondo, kadenga kake, kakhomo kake, ndi kamtanda pamwamba. Timakatcha animita.

Ka Danilo Olguín kanali pokhota msewu waukulu, kunja kwa tauni, pomwe njinga yake yamoto inawombana ndi thiraki nthawi yothyola mphesa. Anakamanga ndi anzake a kumunda wa mphesa, n'kukapaka utoto wabuluu chifukwa ndi umene unatsala m'nyumba yosungira katundu.

Mlongo wake wamng'ono, Yasna, sanalire pamaliro. Sanalirenso pambuyo pake. Anthu ankamutama kuti ndi wolimba mtima, koma ankalakwitsa. Mtsikanayo sankamva kanthu basi. Chakudya sichinkamukomera, nyimbo za kutchalitchi zinkangomudutsa m'makutu. Ngakhale tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, n'kumva kuti wapeza malo okaphunzira unamwino ku La Serena, anangoti "Chabwino," n'kupitiriza kutsuka mbale.

Loweruka limene Danilo anakwanitsa chaka chimwalirire, Yasna anadzuka n'kupeza mayi ake, a Ermelinda, atavala kale zakuda. Patebulo panalibe tiyi kapena buledi. Panali paketi ya makandulo, hamala, misomali, ndi kachitsulo konyezimira kolembedwa mawu.

Yasna anakanyamula n'kuwerenga. Kanati: "Zikomo Danilo pondikhozetsa mayeso. Ndine mlongo wako, Yasna."

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Sudziwa kuwerenga? Si iwe wakhoza mayeso?"

"Koma sindinalembe ine."

"Ndinakulembetsera ine kwa mnyamata wodula makiyi uja kumsika. Khala pansi ndikuuze."

Yasna anakhala. Mayi akewo anayamba kuyala makandulo patebulo, osamuyang'ana.

"Sabata ya mayeso ija sunkagona. Ndinkakupeza maso ali gwa kukhoma, buku lili chozondoka m'manja. Ndiye ndinapita kwa mchimwene wako. Ndinati, Danilo mwana wanga, mlongo wako akakhoza, tsiku lako likadzafika adzabwera chogwada kuchokera pamlatho mpaka pakhomo pako. Adzakuyatsira makandulo ndi dzanja lake, adzakukhomera chikwangwani. Iye wachita mbali yake. Lero uchite yako."

"Munawinda m'dzina langa osandiuza?"

"Ukadakana."

"Ndikadakanadi."

Banja la Olguín linali la mpingo wa Pentekoste. A Ermelinda omwewa ndi amene ankatsogolera nyimbo Lamulungu lililonse mpingo ukamalalikira pamphambano, mawu awo n'kumamveka mpaka kumsika. Tsiku lina anabweza pakhomo mnansi amene anawabweretsera chithunzi cha woyera mtima. Koma imfa siyang'ana kuti munthu amapemphera kuti.

Zinayamba ndi tsache. Ankangopita kukasesa fumbi pakanyumbako. Kenako anayamba kukhalako mpaka dzuwa kupendeka, akulankhula ndi chithunzi cha mwana wawo. Kenako anayamba kumupempha tinthu ting'onoting'ono. Kutchalitchi anasiya osatsanzika.

"Mwana iwe, tamvera," anatero a Ermelinda tsopano, mawu atatsika. "Mwini animita sakhululuka. Ukamulonjeza osachita, amabwera kudzatenga yekha. Mwezi wamawa ukwera basi pamsewu womwewu, udutsa pokhota pomwe paja. Ndinataya mmodzi. Wachiwiri ayi."

Yasna anawayang'ana. Anadikira kuti mkwiyo ubwere, kapena chisoni, koma sipanabwere chilichonse. Anabwezera kachitsulo patebulo, natenga thumba la buledi.

"Tinyamuka dzuwa likapendeka," anatero mayi ake iye akutuluka. "Uvale siketi yaitali."

2. Kusitolo kwa Doña Fresia

Tauni yathu ndi yaing'ono, ndipo nkhani imafika kusitolo mwini wake asanavale nsapato.

"Taonani amene walowa!" anafuula Doña Fresia, mwini sitolo. "Mlongo wake wa woyera mtima! Namwino wathu! Ukadzayamba kubaya jakisoni, ine uzidzandibaya pang'onopang'ono, wamva? Ndinakunyamula uli khanda."

"Mundipatse buledi wa masiku onse, Doña Fresia."

Pambali panaima Don Hipólito, dalaivala wa thiraki, mimba itatsamira kauntala, akudya buledi wopaka peyala. Anapukuta kukamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Mchimwene wako uja ndi katswiri, mwana iwe. Mwezi watha mabuleki anandithawa potsetsereka paja. Ndinangokuwa kuti, 'Danilo, ndigwire!' Thiraki inakaima yokha mumchenga. Ndinamugulira makandulo paketi yathunthu ndi kabotolo ka mowa."

"Danilo sankamwa mowa," anatero Yasna.

"Pano amamwa. Ndikadutsapo ndimapeza botolo lilibe kanthu."

"Amamwa ndi anyamata a kumunda aja, inu a Hipólito!" anaseka Doña Fresia. "M'mutu mwanumo muli mpweya ngati tayala."

"Sekani, mayi. Tsiku limene adzakuthaweni mabuleki mudzaitana ndani, buledi?"

Doña Fresia anaika buledi m'thumba, kenako anawerama, kuseka kutatha.

"Koma zoona zake, Yasna, usachite nazo masewera. Inu a aleluya mumati zonse ndi za Satana, koma mayi ako aziona okha. Kagwade basi, mawondo amapola. Mulungu wanuyo sangakwiye ndi kandulo imodzi. Madzulo ano tonse tikhala komweko."

Yasna analandira thumba, nathokoza. Anatuluka, ndipo m'malo molowera kwawo anakhotera kutchalitchi.

3. Mawu a Mbale Eleuterio

Tchalitchi chathu ndi cha matabwa ndi malata, chopanda chithunzi ngakhale chimodzi pakhoma. Pakhonde pake panakhala Mbale Eleuterio Tapia, mkulu wa mpingo, akusintha nsambo za gitala. Anali wokalamba, wowonda, ndipo fumbi la kumgodi linamudya chifuwa kalekale. Akalankhula ankapumira pakati.

"Khala apa," anatero mkuluyo, Yasna asanapereke moni. "Ndamva kale, usavutike n'kufotokoza. Tauni ino ilibe chitseko."

Yasna anakhala pansi, thumba la buledi lili pamiyendo.

"Mwana wanga, anthu amaganiza kuti fano limabwera ndi nyanga ndi mano akuthwa. Likadamabwera choncho ndani akadaligwadira? Tonse tikadathawa. Fano limabwera ndi nkhope imene umaikonda. Kwa wina limabwera ngati ntchito yake, kwa wina ngati timu ya mpira, kwa wina ngati mwana wake wobereka yekha. Kumgodi ndinaona amuna a ndevu zawo akupsompsona chipewa asanalowe pansi, ati ndicho chimawatulutsa amoyo. Chipewa n'chabwino, chimateteza mutu. Koma tsiku limene uyamba kuthokoza chipewa m'malo mothokoza Mulungu, chasanduka chinthu china."

Anatsokomola kwa kanthawi, nalavulira kumbali.

"Danilo ndinamudziwa asanamere mano. Gitala uyu ndi amene ndinamuphunzitsira, ndipo nsambo zimene anandidulira sindingaziwerenge. Anali mwana wabwino, wanthabwala, koma masamu anamugwetsa kawiri. Lero akuti ndiye akukhozetsa anthu mayeso! Akadamva akadaseka mpaka kugwa pampando.

"Undimvetse bwino. Kukumbukira wakufa si tchimo. Kusesa pomwe anagwera si tchimo. Kulira si tchimo, ndipo iwe ukadalira bwenzi ndikukondwera. Koma kumupempha zinthu, kumuthokoza pa zimene wachita Mulungu, kumuopa kuti akubwezera, apo ndiye tamuchotsa pa ubale n'kumukhazika pampando umene si wake. Ndipo taona chimene chimachitika. Ali moyo, Danilo ankakuperekeza kusukulu kuti agalu a kwa Fresia asakulume. Lero akuti akugwetsera basi chifukwa cha kandulo. Ameneyo ndi Danilo amene umamudziwa? Fano limatero, mwana wanga. Limayamba ndi kukutonthoza, limamaliza ndi kukuopseza, ndipo silikhuta."

Yasna anayang'ana fumbi la pansapato zake.

"Hamala ili patebulo kunyumba," anatero mosatekeseka. "Ndikakaphwanye kanyumbako?"

"Ayi!" Mkuluyo anaika gitala pansi. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya mwala uswa mkhate, ndipo mkhatewo ndi mayi ako. Mlongo Ermelinda si mdani wa Mulungu. Ndi munthu amene anagwera m'madzi n'kugwira chinthu choyamba chimene dzanja linapeza. Ukamulanda ndi ukali, amira. Ndipo samala, chifukwa kudziona wolungama nakonso ndi fano, lokhala bwino ndithu m'matchalitchi opanda zithunzi ngati chathu chino."

"Nanga nditani?"

"Sindikusankhira. Mawondo ndi ako. Ndingokuuza zimene ndikuona. Ukagwada lero kuti mayi ako agone tulo, mawa adzawindanso china, ndipo udzagwadanso. Mantha awo sadzachepa, adzangonenepa. Ukakana, zikupweteka, mwina kwa nthawi yaitali. Ndisakunamize kuti kumvera Mulungu kumakoma tsiku lomwelo."

Panadutsa galimoto yonyamula mabokosi a mphesa, fumbi n'kuwakuta. Litatha Yasna analankhula, maso ali kumsewu.

"Mbale Eleuterio, ine sindikumva kanthu. Ndikamapemphera ndimangolankhula ndi malata. Ndingakane bwanji m'dzina la Mulungu amene sindikumumva?"

Mkuluyo sanadabwe.

"Kumgodi nyali ikazima, njira yotulukira siisuntha. Umangogwira khoma n'kumayenda momwe unaphunzirira. Pita, buledi akuuma."

4. Pamlatho

Ananyamuka dzuwa litapendeka, koma likuotchabe ngati masana. A Ermelinda ananyamula thumba la makandulo ndi hamala. Yasna anavala siketi yaitali monga anauzidwa, koma anaiwala chipewa. Anayenda m'mbali mwa msewu osalankhulana, kudutsa minda ya maolivi mpaka pomwe zobiriwira zimathera n'kuyamba miyala yokhayokha.

Ali pamlatho Yasna anaona kanyumba patsogolo pawo. Sanafikeko chiikireni maliro, ndipo sanakazindikire. Wina anakawonjezera chipinda. Wina anamanga kakhoma kumbuyo, ndipo kakhomako kanadzaza ndi tizitsulo tothokoza. Panali maluwa apulasitiki, mabotolo a madzi, chipewa cha njinga yamoto, ngakhale kathiraki koseweretsa ana. Mathiraki odutsa ankaliza hutala popereka ulemu.

Anthu anali atasonkhana kale. Doña Fresia anatseka sitolo, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku la chivomezi. Don Hipólito anaimika thiraki yake pambali. Anyamata a kumunda anabwera atasamba, tsitsi litapesedwa.

Mayi wina wachitsikana, wachilendo, anathamangira pamlatho atanyamula khanda. Anagwira dzanja la a Ermelinda n'kuliika pamutu pa mwanayo.

"Ndinu mayi ake a Danilo? Chonde mumulankhulire. Mwanayu chifuwa sichikumusiya. Inu ndiye amakumverani."

"Ndimuuza, mwana wanga, ndimuuza," anatero a Ermelinda.

Yasna anaona nkhope ya mayi ake ndipo anamvetsa chinthu chimene Mbale Eleuterio sananene. Kunyumba mayiwa anali ngati chovala chopachika pamsomali. Kuno msana unawongoka, maso anawala. Kuno mwana wawo anali asanafe. Anali pantchito, ndipo iwo anali mayi a munthu wofunika.

Mayi wa khanda uja atachoka, a Ermelinda anatembenuka.

"Vula nsapato. Ugwade apa."

Kuchokera pamlatho kukafika pakanyumba si patali kwa munthu woyenda ndi mapazi. Koma pansi pake ndi timiyala takuthwa totsala pomanga msewu, ndipo tinali titawamba padzuwa tsiku lonse.

Yasna sanawerame.

"Amayi, ndabwera kudzakumbukira mchimwene wanga. Ndikuperekezani mpaka pomwepo. Koma sindigwada, ndipo sindiyatsa kandulo."

"Wati chiyani?"

"Danilo sanandikhozetse mayeso. Wothokoza ndi Mulungu. Sindingagwadire Danilo, Amayi. Ndi mchimwene wanga."

Ananena ngati akuwerenga pabolodi, mawu osakwera, osatsika. Mwina akadalira mayi ake akadamumvera chisoni. Koma nkhope youma ija inaoneka ngati mwano.

"Wakutuma Eleuterio eti? Nkhalamba yopanda mwana ija ikudziwa chiyani za kuika mwana m'manda?"

"Sanandiumirize iwo. Ndasankha ndekha."

"Anthu onsewa akukuyang'ana, Yasna. Usandichititse manyazi pamaso pa mchimwene wako."

"Pepani, Amayi."

A Ermelinda anamuyang'anitsitsa. Kenako anaika thumba paphewa, navula nsapato zawo, nakwinya siketi. Anagwada patimiyala paja.

"Ngati iwe sukufuna moyo wako, ine ndikuufuna," anatero. Ndipo anayamba kukwawa.

5. Kandulo imodzi

Yasna anatola nsapato za mayi ake n'kuyenda pambali pawo, mbali ya dzuwa, kuti mthunzi wake uwagwere. Ndi chokhacho chimene anatha kuchita.

Manong'onong'o anayamba pakati pa anthu aja.

"Taonani mwana wosayamika."

"Mayi ake akukwawa, iye ali chilili ngati mtengo wa magetsi."

"Ndiwo a aleluya amenewo. Sukulu yawonjezera."

Pofika pakati pa njira, timiyala tinali titayamba kusiya madontho ofiira kumbuyo. A Ermelinda ankapuma movutika, thukuta likutsika m'khosi.

"Amayi, dzukani. Chonde. Mwavulala."

A Ermelinda anapitiriza kukwawa. Don Hipólito anabwera chothamanga, mimba ikugwedezeka, nayala jekete yake patsogolo pawo. A Ermelinda anaikankhira kumbali ndi dzanja. Dalaivalayo anatembenukira kwa Yasna, nthabwala zonse zitamuthera.

"Mwana iwe, uli ndi mtima kapena mwala? Kugwada pang'ono pokha kungakuphe?"

Yasna anamva mawuwo ngati akuchokera m'nyumba ina. Anapitiriza kuyenda pang'onopang'ono, nsapato zili m'manja.

Atafika, a Ermelinda sanathe kuimirira. Anatsamira kakhoma, natulutsa kandulo ndi machesi m'thumba. Anatambasula dzanja kwa mwana wawo, ndipo mawu awo sanalinso aukali.

"Kukwawa ndakukwawira. Chatsala n'chaching'ono. Ndinamulonjeza dzanja lako. Kandulo imodzi yokha, Yasna, imodzi. Usanene kanthu, usapemphe kanthu. Ungoyatsa. Chitira ine."

Apa ndiye panali povuta kuposa pamlatho. Mumtima mwa Yasna munalibe mawu a Mulungu, munalibe mphamvu, munalibe chilichonse. Panali mayi ake a magazi m'mawondo, ndi kabokosi ka machesi kopepuka ngati tsamba. Doña Fresia anali akulira poyera.

Yasna anawerama, anthu n'kupumira m'mwamba poganiza kuti wagonja. Koma sanalandire machesi. Analowetsa dzanja m'kanyumba n'kupukuta galasi la chithunzi ndi mkono wa bulauzi yake. Utsi wa makandulo unali utalidetsa mpaka nkhope kusaoneka. Danilo anatulukira akuseka, dzino lake lobenthuka lija lili poyera.

"Uyu ndi Danilo, Amayi," anatero. "Ndamusowa nanenso. Koma kandulo ayi."

Anaimirira.

A Ermelinda anayatsa okha kanduloyo, ndodo zingapo za machesi zitathyoka. Kenako anapempha mmodzi wa anyamata aja kuti akhome kachitsulo. Hamala inalira, dzina la Yasna n'kukhala pakhoma pakati pa mayina ena.

"Dzina ndi langa, koma mawuwo si anga," anatero Yasna kwa mnyamatayo. Iye anangoyang'ana kumbali.

Mayi ake anaika chipumi pakadenga kabuluu kaja n'kuyamba kunong'ona. Yasna anali pafupi, ndipo anamva.

"Umukhululukire, Danilo. Ndi mwana, sakudziwa. Landira mawondo anga. Usamutenge."

6. Tiyi wamadzulo

Don Hipólito anawabweza pathiraki yake. Dzuwa linali likulowa, ndipo mphepo yozizira yochokera kunyanja inayamba kukwera chigwa monga ichitira madzulo alionse. M'kati mokhala dalaivala munangokwana a Ermelinda ndi Doña Fresia. Yasna anakwera kumbuyo, thukuta la masana lija likuumira pathupi.

Kunyumba anatenthetsa madzi, nakhazika mayi ake pampando. Anagwada patsogolo pawo ndi beseni n'kuyamba kuchotsa timiyala m'mabala, kamodzikamodzi. Tina tinalowa mozama. A Ermelinda sanabuule, sanathokoze, sanamuyang'ane. Maso awo anali pakhomo.

Atamanga mabalawo ndi nsalu yoyera, Yasna anapanga tiyi n'kudula buledi wa m'mawa uja. Anakhala moyang'anizana. Panalibe amene anadya.

Aliyense amene anaimapo padzuwa la Januwale mutu uli pamtunda, kenako n'kuwombedwa ndi mphepo ya kunyanja, amadziwa chimene chimatsatira. Doña Fresia yemwe akadakuuzani, ndipo akadakugulitsani ndimu. Koma m'nyumba muja madzulo amenewo munalibe amene akadamva za ndimu.

Yasna ananyamula kapu, kapu n'kuyamba kugogoda mano. Anaiika pansi msanga, koma tiyi anali atatayikira kale patebulo. Anabisa manja pansi pa tebulo. Mapewa nawo anayamba kunjenjemera.

A Ermelinda anatembenuka. Anaimirira movutika, nazungulira tebulo akutsimphina, naika chikhatho pachipumi pa mwana wawo. Anachichotsa msanga ngati agwira mbaula.

"Watentha thupi."

"Ndi dzuwa, Amayi. Ndinaiwala chipewa."

"Danilo wabwera. Sanalandire mawondo anga."

"Amayi, ndi dzuwa basi. Ndikagona ndidzuka bwino."

Koma mayi ake sankamumvanso. Anatsegula kabati n'kukokolola makandulo onse otsala. Anafunda shawelo yakuda pamwamba pa diresi lakuda. Nsapato sanazifune n'komwe. Nsalu za m'mawondo zinali zitayamba kale kufiira.

"Mukupita kuti? Kukuda, ndipo pamsewu paja madalaivala sakuonani ndi zovala zimenezo."

A Ermelinda anaima pakhomo. Nkhope yawo inali yodekha, ndipo kudekhako ndiko kunamuopsa Yasna kuposa kukwawa kuja.

"Ndikukamuuza kuti ngati akufuna munthu, atenge ine."

Chitseko chinatsekeka.

Mantha anamugwira Yasna thupi lonse. Anadzuka kuti awathamangire, koma chipinda chinazungulira, miyendo inakana, ndipo anagwira tebulo kuti asagwe. Anafika pakhomo chogwira khoma, natsegula. Msewu wa kutsogolo kwa nyumba unali kale wopanda munthu.

"Amayi!" anakuwa.

Patapita nthawi, kutali cha kumlatho komwe mayi ake analowera, thiraki inaliza hutala, ndipo sinasiye msanga.